Thabwa la Mphwathu ku Muizenberg

Aŵerengi amene adakhalapo ku Salima kapena ku Nkhotakota m'miyezi ya mwera akudziŵa kuti mafunde akakula, asodzi amakokera mabwato ao kumtunda nakhala pansi kusoka maukonde. Ku Muizenberg, m'dziko la South Africa, tidaona zosiyana. Kumeneko mafunde akakula ndi pamene anthu amathamangira kumadzi, aliyense atakwapatira thabwa lake.

Tidapitako pa tchuthi cha Khirisimasi cha 2023, ife ndi mai a kunyumba, kukacheza kwa mphwathu, mwana wa mlongo wathu, amene amagwira ntchito yosamala maluŵa pa nyumba za anthu. Muizenberg ndi kamzinda ka m'mbali mwa nyanja ya mchere, pa gombe la False Bay, mtunda wa makilomita ngati 25 kuchokera pakati pa Cape Town. Kumbuyo kwake kuli phiri, ndipo njanji yopita ku Simon's Town imadzera pafupi ndi mchenga. Pagombepo pandanda tinyumba tamatabwa tosinthiramo zovala, tofiira, tachikasu ndi tobiriŵira. Popeza nyanja pamenepo imazama pang'onopang'ono, mafunde amafika mofatsa, ndipo ambiri amaphunzirira pomwepo kuimirira pathabwa funde likuŵakankhira kumtunda. Kuyambira mu 2004 paphiri pamakhala alonda oyang'anira shaki, nsomba yolusa ija. Akaiona pafupi, pagombe pamakwezedwa mbendera yoyera ndipo sayirini imalira kuti onse atuluke m'madzi.

Mphwathu adakopeka ndi maseŵeraŵa, koma thabwa la m'sitolo lidamkulira mtengo. Motero adayamba kupanga lake m'garaja ya mkulu wina amene amamsamalira maluŵa, yemwe paunyamata wake ankapanga matabwa otere. Ngakhale tikuti thabwa, mtengo ulimo wochepa, kamzere kopyapyala kokha kodutsa pakati ngati msana. Thupi lonse ndi fomu yoyera, yopepuka koma youma gwa, imene amaisema kufikira itafanana ndi bwato lophwatalala. Pamwamba amayalapo nsalu yolukidwa ndi ulusi wa galasi, naithira rezini, utomoni wa kufakitale umene umalimba ukasakanizidwa ndi madontho a mankhwala oumitsa. Amapakanso rezini yachiŵiri yodzaza maluko a nsaluyo, naikwecha, ndipo pomaliza amapaka yachitatu yonyezimiritsa.

M'maŵa mwake titafika, mnyamatayo adatitengera kugarajako nkhope ili yakugwa. "Amalume," adatero, "taonani ntchito yanga ya miyezi itatu." Thabwalo lidali kunyezimira ndithu, koma kunyezimirako ndiko kudaika poyera zilema zake zonse. Padali timchenga tomatirira, timaenje tozungulira tonga maso a nsomba, ndi mikwingwirima ya sandipepa yooneka pansi pa rezini. Rezini yotsala m'chitini idali yokwanira ulendo umodzi wokha, ndipo ndalama yogulira ina padalibe, pakuti malipiro a mwezi umenewo adali atatumiza kwa amai ake kuti agulire feteleza.

Mkulu uja adayendetsa maso pathabwapo natchula zifukwa zitatu, mphwathu akutimasulira. Choyamba chidali mphepo. M'miyezi yotentha kumeneko kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'maŵa, imene eni dziko amaitcha Cape Doctor, ndipo mnyamatayo adasiya chitseko chotsekula pothaŵa fungo la rezini. Chachiŵiri zidali zala. Adasisita thabwalo ndi dzanja asadapake, ndipo rezini imathaŵa paliponse pamene pali mafuta, ngakhale a khungu la munthu. Chachitatu chidali changu. Adakwecha ndi sandipepa yokhakhala ya nambala 80 yokha, nathamangira kupaka. Sandipepa imasalala nambala ikamakwera, ndipo iliyonse ntchito yake ndi kufafaniza mizere imene inzake yasiya. Apa ife aphunzitsi tidamva msanga, chifukwa mwana sachoka Sitandade 2 n'kukalemba mayeso a Sitandade 8.

Ntchito idayambikanso Lolemba. Mphwathu adavala chophimba mphuno ndi pakamwa, popeza fumbi lake ndi loopsa m'mapapo ndipo limayabwa pakhungu. Adakulunga sandipepa pa kathabwa kofeŵa nakwecha ndi 120, kenaka 220, pomaliza 320, mosamala kuti asafike pa nsalu ya galasi, pakuti ulusi wake ukadulidwa thabwa limafooka. Madzulo ife tidapatsidwa ntchito yogwira tochi chammbali, kuti chithunzithunzi chionetse pamene padali potumphuka kapena poloŵa. Atakhutira adasesa, nawaza madzi pansi kuti fumbi ligone, natseka garajayo usiku wonse.

Lachiŵiri tidalaŵira mphepo isadadzuke. Adamata tepi kuzungulira m'mphepete mwa thabwa kuti rezini yotsikira idonthe pansi osakwaŵira kunsi. Adasefa reziniyo, nayeza mankhwala oumitsa, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 alionse, atavala magalasi chifukwa dontho lake likhoza kuononga diso. Tsono ndi bulashi yatsopano adapaka kuchokera kumphuno kufika kumchira, nadutsa chopingasa, nabwerezanso m'litali mopepuza dzanja. Zonsezi zidatha m'mphindi zoŵerengeka. Adafuna kukonzanso pena, koma mkulu uja adamgwira mkono. Mu rezini yotere amaikamo phula pang'ono, limene limayandama pamwamba ndi kutchinga mpweya kuti reziniyo iume bwino. Bulashi ikabwererapo mochedwa imasokoneza phulalo, ndipo pamatsala ponata ndi mizere. Tidatuluka tonse, chitseko chidatsekedwa, ndipo mnyamatayo adakhala pakhonde akugwedeza mwendo. Tidamkumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbali inayo idapakidwa Lachitatu. Lachisanu, zonse zitalimba, adayamba kukwecha ndi sandipepa yonyowetsa m'madzi, 400, 600, 800 mpaka 1200. Thabwa lija lidachita mbuu ngati mbale yakale, ndipo mai a kunyumba adafuula kuti, "Mwana iwe, waononganso!" Iye adangomwetulira. Adapaka polishi, nayendetsa makina okhala ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa, osaima pamodzi kuopa kuti pangatenthe. Pang'ono ndi pang'ono mbuu uja adachoka, ndipo titaŵerama tidaona imvi zathu m'thabwamo ngati pa kalilole.

Tikupuma, mkuluyo adatiuza kuti maseŵeraŵa adakulira ku zilumba za Hawaii. Akale a kumeneko ankasema matabwa ao ku mitengo ya koa ndi wiliwili, naŵakhula ndi miyala ya m'nyanja, pomaliza naŵadzoza mafuta a mtedza wa kukui. Mai a kunyumba adati zimenezo sizachilendo, pakuti agogo ao ankasalaza mbiya ndi nkhulungo kufikira itaŵala.

Loŵeruka tidatsikira kugombe. Tidadabwa kuona mphwathu akutulutsa kachigamphu ka phula m'thumba, nayamba kukhula pamwamba ponse pamene adavutikira sabata yathunthu. "Kodi mphwanga, mutu ukuyenda bwino?" tidamfunsa. Adaseka nati, "Amalume, popanda phula mapazi angaterereke. Kukongola kwatsala kunsiku, koma chachikulu nchakuti timaboo tonse tatsekeka." Ndipo adanena zoona, chifukwa madzi akaloŵa mu fomu thabwa limalemera, limachita chikasu, ndipo nsalu imayamba kumatuka. Ambiri ochita mipikisano sapaka n'komwe rezini yomalizayi popeza imaonjeza kulemera, koma munthu wa thabwa limodzi lokha, amene afuna kuti limkhalitse zaka, amaifuna.

Adapalasa ndi manja kuloŵa pakati. Katatu konse funde lidamgwetsa, ndipo mai a kunyumba adali kuyang'anayang'ana ku mbendera ya alonda aja. Kachinai adaimirira, mikono ali tambalale, nabwera molunjika kufikira pamchenga pamene tidaima nsapato zili m'manja.