Boti la kaunjika limayamba ulendo pamtunda

Abale anga a ku Joni, mwafunsa za boti la matanga lakale lomwe mwaliona pa intaneti. Ine ndine mwana wa msodzi wa ku Senga Bay, koma pano ndimakhala pa Mvera, pomwe mathiraki amalira mabuleki potsikira ku Salima. Boti lanulo lidzafika kunyanja pamsana pa thiraki ngati amenewo.

Mtengo mwauonawo ndi chiyambi chabe. Pali sitima mpaka ku Beira, thiraki, kenako msonkho wa MRA. Ngakhale Ilala inachoka ku Scotland m'zidutswa, n'kudzayamba ntchito mu 1951.

Bambo anga amati boti limadziwika tsiku la mwera. Ndiye musanatulutse ndalama ya thukuta lanu, tumani munthu akaligogode kunsi, aone ngati silinawole.