Kapinga wa Atate

Ndinayamba kukumba kapinga wa atate Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa lisanakwere. Amai anaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, osanena kanthu.

Atate anakulira ku Wusakile, ndipo ali mnyamata ankabwera kuno ku Nkana West kudzatchetcha kapinga wa mzungu wina wa pamgodi. Ankalowera kuseri kwa nyumba, madzi n'kumwera m'chitini chimene anawapatulira. Pambuyo pake anagwira ntchito ku ZCCM, ndipo pamene nyumba za mgodi zinagulitsidwa kwa okhalamo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nyumba ino inakhala yawo. Kapingayo ankamuthirira madzulo alionse, ngakhale masiku amene senta, utsi woyabwa pakhosi wa kumgodi uja, unkawaula masamba a mapapaya athu. Ife ana sitinkaloledwa kumenyerapo mpira.

Chimalirire atate, palibe amene anamuthirira. Anangosanduka fumbi lokhala ndi mizu. Ine ndinafuna maluwa, pamalo a mamita atatu m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pansi pa windo pomwe ndimachongera makope a ana asukulu.

Kapinga ndi wamakani, ndikuuzeni. Ukangomusenda pamwamba ndi khasu ndiye wamubzala kawiri, chifukwa kachidutswa kalikonse kotsala m'dothi kamaphukanso. Ndinakumba mozama, n'kumasefa dothi ndi zala, kutola mizu yoyera ija umodziumodzi. Pansi panali katondo wolimba ngati njerwa. Ndinathiramo mawilibala awiri a manyowa a nkhuku, akale owolerana bwino, popeza atsopano amawotcha mbewu. M'mphepete ndinaimika njerwa zotheka kuti kapingayo asalowenso. Pofika masana manja anali matuza okhaokha, manja a choko awa.

Apo m'pamene amai anayankhula.

"Kodi maluwa ako amenewa tidzadyera nsima?"

"Iyai amai, ndi ongoona."

"Atate ako nawonso. Zaka zonse zija kuthirira udzu."

Sindinadziwe ngati akundidzudzula kapena akundikhululukira. Analowa m'nyumba, n'kutulukanso ndi beseni la madzi otsukira mbale, nalikhuthulira pa dothi langa lija.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala ndinabzala ma marigold ndi mizu ya canna imene mphunzitsi mnzanga anandigawira. Patatha milungu iwiri ndinaona timasamba tina tokhakhala tikutuluka kumapeto kwa bedi, pafupi ndi njerwa. Ndinagwada kuti ndizule. Chinali chibwabwa, mapando anayi, pamzere wowongoka bwinobwino.

Ndinacheuka. Amai anali pawindo, akunamizira kupukuta galasi.

Chibwabwacho ndinachisiya. Tsopano chayanga, chadumpha njerwa zanga, ndipo chikulowera pa kapinga wa atate wotsala uja, amene ndi mvulayi wayambanso kubiriwira.