Mbiya Yosagulitsa: Chikumbutso cha Agogo Aakulu

Ine ndine woumba mbiya wa kuno ku Mwanza, cha kufupi ndi Thambani, ndipo luso limene ndimadyera lero, ngakhale linadzera m'manja mwa amayi ndi mwa agogo, gwero lake ndi agogo aakulu, amake a agogo anga akuchikazi, amene Chauta anawaonjezera masiku kufikira anaona ana a adzukulu awo akutunga madzi ndi kusinja.

Iwo ndiwo ananditsogolera kumtapo ndikali buthu, nandiphunzitsa kuti dothi likakumbidwa liyenera kunyowetsedwa ndi kuvundikiridwa masiku angapo, lichotsedwe timiyala ndi mizu, kenaka lipondedwe pamodzi ndi ufa wa mapale osinja, pakuti mbiya yopanda ufa umenewo imang'aluka ikaona moto. Poumba timayambira pansi, ndi kukweza khoma pang'onopang'ono, kunja tikusalaza ndi chitsononkho, m'kati tikupala kuti pasakhale ponenepa ndi poonda. Mbiya ikachita gwa timaikulungiza ndi mwala wosalala, ndi kuiumitsa pamthunzi, popeza dzuwa limaumitsa kunja m'kati mukali mwamuwisi. Kuotcha ndi kwa m'chilimwe, madzulo mphepo itagwa, ndi makungwa ndi nkhuni zouma. Ndipo mbiya zikadali zotentha timaziwaza madzi a makungwa kuti zide ndi kulimba. Pa zonsezi agogo aakulu sanali kulola changu, ndipo ndikafulumira ankangoti, "Mdzukulu wanga, fatsa, dothi silimva kuthamangitsidwa."

Koma chimene mudzi umawakumbukira nacho koposa ndi chimene ankachita ndi mbiyazo zikapsa. Pa njala ya 1949, iwo ali mayi wa ana aang'ono, ankasenza mitsuko kuoloka malire kunka ku Mozambique, dziko limene panthawiyo linali m'manja mwa Apwitikizi, kumene mtengo wa mbiya unali chimanga kapena mapira odzaza mbiya yomweyo. Ndipo pobwera, asanapatse ana awo, ankayamba atapulako za nkhalamba zimene zinalibe mwendo woyendera ulendowo. Nkhali zawo zazikulu sizinali kugona pakhomo: lero zili pamaliro, mawa paukwati, mkuja padima, ndipo ina ikasweka kumeneko sanafunsepo mlandu, koma ankapempha mapale okha kuti akasinje.

Pamene nkhondo ya ku Mozambique inakula, makamaka kuyambira 1986, ndipo anthu anakhamukira kuno kudzera ku Zobue ndi m'tinjira ta m'thengo, ana kumsana, m'manja mulibe kanthu, agogo, amene tsopano msana unali utawerama, anaona chimene ambiri sanachione: kuti munthu angalandire ufa ndi nyemba, koma wopanda mphika agona ndi njala. Chotero anamema amayi a m'mudzi, ena kukumba, ena kuponda, ena kutola makungwa, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo miphika imene inapsa anaigawa kwa alendowo osalandirapo ngakhale tambala. Mtendere utabwera mu 1992, obwerera kwawo ananyamula miphika ija pamutu, ndipo ena a iwo, atamva za imfa ya agogo patapita zaka, anaolokanso malire kudzakhuza maliro ndi ufa ndi nkhuku. Pamenepo tinazindikira kuti makolo sananame ponena kuti kupatsa n'kuika.

Masiku ano zidebe zapulasitiki ndi mapoto zadzaza m'nyumba, ndipo atsikana ambiri amachita manyazi ndi dothi. Komabe m'miyezi yachisanu, manachesi akapsa ndipo apaulendo a mumsewu wa ku Tete akaima kuti agule, alipo ofunsa mtsuko, chifukwa madzi a mumtsuko amazizira okha, ndipo nyemba za mumphika wadothi zili ndi kukoma kwake. Agogo anatisiyira lamulo limodzi, lakuti pa kuotcha kulikonse mbiya imodzi ipatulidwe, isagulitsidwe, idikire wamasiye kapena mlendo wosowa. Lamulolo ndimalisunga kufikira lero, ndipo mtsikana aliyense wobwera kudzaphunzira ndimamulandira popanda malipiro, pokhapokha atalonjeza kuti nayenso adzapatula yake.