Usanapite ku Durban: za mapiritsi a magnesium

Wokondedwa mwana wanga,

Zamawa n'zambiri, ndipo pa depoti sitidzalankhulana bwino. Choncho ndalemba, uwerenge uli m'basi.

Wati ukakakhazikika ku Durban ukufuna kudzathamanga nawo Comrades, mpikisano uja wa makilomita pafupifupi 90 wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Sindikuletsa. Chimene chandilembetsa ndi botolo la mapiritsi a magnesium limene anzako othamanga nawo anakuuza kuti ugule, ati limaletsa minofu kukokana ndi kuchotsa kutopa msanga.

Magnesium ndi mchere wofunikadi. Thupi la munthu wamkulu limasunga pafupifupi magalamu 25, woposa theka uli m'mafupa, ndipo minofu imaudalira kuti ipeze mphamvu ndi kumasuka ikagwira ntchito. Mwamuna wa msinkhu wako amafunika mamiligalamu 400 patsiku. Koma mapiritsi amathandiza munthu amene mcherewu wamuperewera. Amene ali nawo wokwanira, owonjezerawo samuthamangitsa kwambiri. Wina impso zimautaya mu mkodzo, wina umangodutsa m'matumbo. Za kukokana kwa minofu nazo, ofufuza a bungwe la Cochrane ataunika maumboni mu 2020 sanapeze kafukufuku wodalirika wosonyeza kuti magnesium amaletsa kukokana kobwera pothamanga. Nthawi zambiri katumba amauma chifukwa wamulemetsa ndi mtunda kapena liwiro limene sanazolowere. Mankhwala ake ndi kuonjezera mtunda pang'onopang'ono, osati botolo.

Chimene ndikuopa ine ndi mbale yako. Kuno wakula ndi nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, nyemba, ndi nthanga za maungu zimene ndimakazinga n'kuwaza kamchere, iwe n'kumatola zikadali zotentha m'chiwaya. Kadzanja kamodzi ka nthangazo, magalamu 28, kali ndi mamiligalamu pafupifupi 150. Mtedza wochuluka chomwecho uli ndi pafupifupi 50. Kumene ukupitako ukapeza ufa woyera wa m'mapaketi ndi buledi woyera, ndipo chimanga chikachotsedwa madeya ndi mtima wake, magnesium wambiri amapita nazo. Ukamabwera kuntchito wotopa n'kumangodya tchipisi ndi buledi, pamenepo ndiye ungaperewere zenizeni. Ukagule nyemba, sipinachi, chiponde ndi phala la oats. Sizodula, ndipo kuphika ndinakuphunzitsa, ngakhale unkachita ulesi.

Ukafuna ndithu kumwa mapiritsiwo, uwerenge zolembedwa pa botolo. Usapitirire mamiligalamu 350 patsiku ochokera m'mapiritsi. Akachuluka amatsekula m'mimba. Paja milk of magnesia, amene amamwetsa munthu wodzimbidwa, ndi magnesium yemweyo. Mtundu wotchipa wa oxide sulowa bwino m'thupi ngati wa citrate. Usadzayesere kumwa kwa nthawi yoyamba m'mawa wa mpikisano, ungadzathere m'zimbudzi za m'mbali mwa msewu anzako akudutsa.

Ichi usaiwale: dokotala akakupatsa ciprofloxacin kapena doxycycline, umuuze kuti ukumwa magnesium. Amagwirana ndi mankhwalawo m'matumbo n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi, choncho amafunika kuwatalikitsa ndi maola angapo. Ndipo akadzakuuza kuti impso zako zili ndi vuto, mapiritsiwo uwasiye mpaka dokotala atavomereza, chifukwa impso zofooka zimalephera kutaya wotsala ndipo amaunjikana mpaka kusokoneza mtima.

Upewenso ufa wosakaniza wogulitsidwa m'majimu, umene amalonjeza mphamvu zodabwitsa. Magnesium payekha saletsedwa m'masewera, koma zina mwa zosakanizazo zimapezeka ndi mankhwala oletsedwa osalembedwa pa botolo, ndipo malamulo a WADA, bungwe loyang'anira za mankhwala oletsedwa m'masewera, amalanga wothamanga amene apezeka nawo m'thupi, ngakhale anene kuti sankadziwa. Ugule ku famase.

Durban ndi kotentha, kwachinyezi, ndipo ukatuluka thukuta kuposa kuno. Mchere umene umatayika kwambiri m'thukuta ndi wa pandiwo womwewu, magnesium ndi wochepa. Ukathamanga mtunda wautali umwe madzi, udye chakudya chenicheni cha mchere wokwanira, kenaka ugone. Maola asanu ndi atatu a tulo, osati kukhala pa foni mpaka tambala woyamba.

Ukakafika uimbe, ngakhale ndi usiku. Amalume ako ati akakudikira pa siteshoni. Ukawapatse moni, ndipo ukawathandize ntchito za pakhomo asanachite kukuuza.

Ndine,
Mayi ako