Kompyuta Siimba Yokha

Ana amene ndimaphunzitsa ku Kabwata amati masiku ano kompyuta ndiyo imapanga nyimbo. Ine ndimakana. MIDI, yomwe inatuluka mu 1983, sinyamula kulira kulikonse. Imanyamula malangizo cabe: noti iti, igundidwe mwamphamvu bwanji, ilire nthawi yaitali bwanji. Sequencer, monga ya mu FL Studio, imasunga malangizowo pamzere, ndipo synthesizer imawapatsa mau. Mukasintha synthesizer, malangizo omwewo amalira ngati piyano kapena ngati bass ya kalindula.

Ndiye ndimawauza kuti: a ku Kabulonga angakhale ndi makina odula, koma zolembedwa pamzerepo zimacokera m'khutu lanu. Pogulitsa beat, khutulo musaligulitse mochipa.