Kaphokoso ka Pikapu ya Bambo

Pikapu ya bambo ndiyo imatinyamula a kwaya popita ku msonkhano wa misasa. Chaka chino inayamba kumveka kuti gu! akaponda buleki pobwerera m'mbuyo, ndiponso akaponda koyamba atayambanso kupita kutsogolo. Ulendo ukakhazikika, zii. Bambo ankati ndi ukalamba chabe wa galimoto. Ine mtima sunkakhala pansi, chifukwa kumbuyoko kumakhalanso mng'ono wanga.

Lachisanu ndinawaumiriza mpaka tinapita kwa makaniko. Atachotsa tayala anationetsa mapadi a buleki akugwedera. Tizitsulo towagwira tinali titatha, ndiye galimoto ikasintha kolowera ankasuntha n'kumenya chitsulo. Anaika tatsopano, n'kuonanso mabawuti.

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Bambo sanatchulenso za ukalamba, anangoti, "Kasambe, Sabata layandikira."