Tsiku Losabwereza

Loweruka lapitali ndinaonetsa ana a Fomu 3 filimu yoseketsa ya mu 1993, Groundhog Day. Bill Murray amadzigunditsa lole, amalumpha kuchokera pansanja, koma ukangomva belu la wotchi, uyo wadzuka bwinobwino, 6 koloko m'mawa pa 2 February yemwe uja. Ana anaseka mpaka misozi.

Ine maso anali pa desiki la kumbuyo. Pankakhala mnyamata wa kwa Kamwendo amene mu 2019 ndinamubweza pakhomo la kalasi chifukwa cha fizi. Mawa lake galimoto inamugunda pa msewu wa ku Mwami akupalasa kabaza kuti apeze ndalamazo.

Aphunzitsi anzanga, m'mawa uja ndimaubwereza m'mutu mpaka lero. Mwanayo sadzuka ayi.